Masamba Amene Ophunzira Amadumpha

Chaka cha maphunziro m'makoleji a ku America chimayamba kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala. Pa tsiku loyamba la phunziro la kalembedwe, limene ambiri amalitcha English 101 kapena First-Year Composition, aphunzitsi ambiri sayamba ndi kuphunzitsa. Amagawa silabasi, pa pepala kapena pa intaneti, n'kuiwerenga pamodzi ndi ophunzira awo. Silabasi ya kumeneko si ngati imene tinaizolowera kuno, yongondandalika mitu yodzabwera pa mayeso. Ndi chikalata cha masamba angapo, chimene mphunzitsi ndi dipatimenti yake amalembamo zonse za masabata 15 kapena 16 a simesita: zimangirizo zoti zilembedwe, masiku oziperekera, kagawidwe ka malikisi, zimene zimachitika munthu akajomba kapena akachedwetsa ntchito, chilango cha kuba zolemba za eni, ndipo kumapeto kwenikweni, maofesi kumene wophunzira angakapeze thandizo.

Wophunzira watsopano amathamangira pa malikisi ndi pa masiku operekera ntchito. Akaona zimenezo, basi, amapinda pepala. Masamba akumapeto aja amawayesa timawu ting'onoting'ono ta m'munsi mwa fomu ya ku banki. Koma ine ndikanakhala ndi mdzukulu wopita kukaphunzira kumeneko, ndikanamuuza kuti ayambire kumapetoko. Ndime iliyonse ya m'masamba amenewo ili ndi mbiri yake, ndipo zambiri mwa izo zinalowamo chifukwa panali anthu amene koleji inkawatsekera kunja, kapena inkawalandira pakhomo n'kuwasiya okha m'kati.

Phunziro limeneli linayambira ku Harvard. Mu 1874, yunivesiteyi ili m'manja mwa Charles W. Eliot, ofuna malo anayamba kulembetsedwa mayeso a chimangirizo cha Chingerezi. Zotsatira zake zinawakhumudwitsa akuluakulu a pasukulupo: m'zaka zoyambirirazo pafupifupi theka la anyamatawo linkalephera, chonsecho ambiri anali ochokera m'sukulu zotchuka ndi m'mabanja opeza bwino. Adams Sherman Hill, yemwe kale anali mtolankhani ndipo Eliot anamuitana kudzaphunzitsa luso la kalembedwe, analimbikira kuti vutoli lithetsedwe ophunzira akangofika. Mu 1885 phunziro lotchedwa English A linakhala lokakamiza kwa onse a chaka choyamba. Makoleji ena anatengera, ndipo mpaka lero ili ndi limodzi mwa maphunziro ochepa amene ophunzira ambiri a ku America amadutsamo, kaya adzakhale namwino, injiniya kapena wowerengera chuma.

Pobadwa pake phunziroli linali ngati mankhwala, wophunzira n'kukhala wodwala. Mphunzitsi ankapereka mutu, wophunzira n'kulemba kamodzi, pepala n'kubwerera litafiira ndi inki, nkhani n'kuthera pomwepo. Maganizo anasintha cha m'ma 1960 ndi 1970. Mu 1972 Donald Murray, mtolankhani amene anapatapo mphoto ya Pulitzer ndipo ankaphunzitsa pa University of New Hampshire, analemba nkhani yaifupi yolimbikitsa aphunzitsi kuti aziphunzitsa mmene munthu amafikira pa chimangirizo, m'malo mongoweruza chimangirizo chitatha. Wolemba aliyense amasonkhanitsa maganizo, amalemba koyamba mosalongosoka, amaonetsa wina, amafufuta, amalembanso. Malamulo ambiri a m'silabasi ya lero anachokera pa ganizo limeneli, ndipo wosalidziwa amawaona ngati nkhanza za mphunzitsi.

Kujomba ndi kuchedwetsa ntchito

Taonani lamulo la kujomba. Pa phunziro lina, lokhala ndi ophunzira 300 m'holo imodzi, mphunzitsi sangadziwe n'komwe kuti wina sanabwere, ndipo wojombayo akhoza kubwereka manotsi kwa mnzake n'kukhoza mayeso. Pa phunziro la kalembedwe masilabasi ambiri amaika malire, kawirikawiri ofanana ndi makalasi a sabata imodzi kapena masabata awiri. Ukapitirira pamenepo malikisi amatsika, ndipo kwina umalephereratu. Chifukwa chake n'chakuti m'kalasi imeneyi mulibe manotsi oti n'kubwereka. Tsiku lina ophunzira amasinthana zimene alemba koyamba, aliyense n'kuwerenga cha mnzake ndi kumuuza pamene pakumveka ndi pamene pasokonekera. Iwo amati peer review. Wojomba tsiku limenelo wadzimana yekha womuwerengera, komanso wasiya mnzake wopanda womuwerengera. Zili ngati gulu lolimirana minda: wosafika sanangotaya tsiku lake, wachepetsanso makasu m'munda mwa wina.

Lamulo la kuchedwetsa ntchito limamveka bwino ukawerengetsera katundu wa mphunzitsi. Bungwe la aphunzitsi a kalembedwe m'makoleji, Conference on College Composition and Communication, lomwe linakhazikitsidwa mu 1949, limalangiza kuti kalasi isapitirire ophunzira 20, makamaka akhale 15, ndiponso kuti mphunzitsi mmodzi asakhale ndi ophunzira opitirira 60 pa teremu. Tiyerekeze kuti malangizowa atsatidwa. Ophunzira 60, aliyense zimangirizo 4, chilichonse chowerengedwa kawiri, ndiwo mapepala 480. Mphunzitsi akamathera mphindi 20 pa pepala limodzi, ndiwo maola 160 a kuchonga kokha. Ndipo m'makoleji ambiri malangizowa satsatidwa. Makalasi ochuluka a phunziroli amaphunzitsidwa ndi ophunzira a digiri yachiwiri kapena yachitatu, ndiponso ndi aphunzitsi aganyu, olipidwa pa kalasi iliyonse, ena mwa iwo oyenda m'makoleji awiri kapena atatu kuti ndalama ikwane. Pepala lofika mochedwa limasokoneza ndondomeko ya munthu wotereyu, ndipo limabwerera kwa mwini wake nthawi yolikonzanso itatha.

Komabe ndiyenera kunena kuti lamulo lofanana kwa onse siligwa mofanana pa onse. Mnyamata wa zaka 18 wogona m'hositelo pafupi ndi kalasi, ndi mayi wa ana awiri wophunzira pa community college, amene amaweruka ku ntchito m'bandakucha n'kukwera mabasi awiri, onsewa amawerengeredwa masiku ojomba ndi muyeso umodzi. Aphunzitsi amene analiganizira bwino vutoli amasiya kampata m'malamulo awo. Ena amapatsa wophunzira aliyense masiku awiri kapena atatu ochedwetsera ntchito popanda kufunsidwa chifukwa. Ena amati ukalemba imelo tsiku loperekera lisanakwane, adzakuwonjezera nthawi. Njira yoyambayo ndimaikonda kwambiri, chifukwa sikakamiza munthu kuulula za m'nyumba mwake kuti amveredwe chisoni, ndiponso sipindulitsa okhawo olimba mtima pa kupempha.

Zinthu zikafika povuta, pali zilembo ziwiri zimene wophunzira ayenera kuzidziwa. Chilembo cha W chimalembedwa munthu akasiya phunziro mwa lamulo tsiku loikika lisanadutse, ndipo sichitsitsa malikisi ake onse ngati mmene F imachitira. Chilembo cha I chimaperekedwa kwa amene wagwira ntchito yambiri koma matenda kapena maliro amulepheretsa kumaliza, kuti adzamalize simesita itatha. Wongosowa osanena kanthu amapeza F. Kwa wophunzira wochokera kunja, monga wa ku Malawi kapena ku Zambia, pali msampha wina apa. Chiphaso chophunzirira cha F-1 chimafuna kuti wa digiri yoyamba azitenga makirediti osachepera 12 pa simesita, ndipo phunziro la kalembedwe kawirikawiri limakhala la makirediti 3. Kulisiya osayamba wakambirana ndi ofesi yoona za ophunzira akunja kukhoza kumuonongera chilolezo chokhalira m'dzikomo.

Mawu a eni ake

Ndime imene imaopsa kwambiri m'silabasi ndi ya plagiarism, kutanthauza kutenga mawu kapena maganizo a munthu wina n'kuwapereka ngati ako. Liwuli linachokera ku Chilatini, kumene plagiarius anali wakuba anthu, ndipo mlakatuli wa ku Rome dzina lake Martial analigwiritsa ntchito podandaula za munthu amene ankalakatula ndakatulo zake ngati zake. Chilango chimayambira pa ziro pa chimangirizocho, kufika pa kulephera phunziro lonse, mpaka pa kuchotsedwa sukulu ngati munthu wabwereza. Makoleji ambiri ali ndi ofesi yoona za milandu yotere, ndipo wophunzira ali ndi ufulu womva chimene akuimbidwa, wodziyankhira, ndi wochita apilo.

Kubera tonse timakudziwa. Wolowa ndi likasa m'mayeso amadziwa chimene akuchita, ndipo wogula chimangirizo pa intaneti kapena wolembetsa mnzake sasiyana naye. Koma pali ena amene amagwa m'mlanduwu asakudziwa, ndipo ambiri mwa iwo ndi ochokera m'sukulu zonga zathu. Kwa zaka 12 mwana amayamikiridwa chifukwa choloweza manotsi a aphunzitsi ndi kuwabweza pa mayeso osasintha ngakhale mpatuliro. Akafika kumene mwambo uli wina, chimene chinkamupatsa malikisi chija chimasanduka mlandu. Palibe amene anamuuza kuti mawu a m'buku akawalemba ndendende ayenera kuwatsekera m'zizindikiro zosonyeza kuti ndi a wina, kuti ngakhale atawasintha n'kuwanena m'mawu akeake ayenerabe kutchula mwini ganizolo, ndiponso kuti chimangirizo chimene analembera phunziro lina sangachiperekenso kuno popanda chilolezo.

Mwambo wotchula gwero si wachilendo kwa ife monga mmene umaonekera. Pa bwalo la milandu kwa amfumu, mboni imafunsidwa kuti: munaona nokha, kapena munamva kwa ndani? Ikati inamva, amafuna dzina la amene anaiuzayo, kuti ngati n'kotheka aitanidwe. Njira za MLA ndi APA, zimene wophunzira amavutika nazo pa kaikidwe ka dzina la wolemba, chaka ndi tsamba, zimayankha funso lomwelo la pabwalo. Wowerenga afuna kudziwa kuti mfundoyi ndi yako kapena unaitenga, ndipo ngati unaitenga, akaipeza kuti kuti adzionere yekha.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Rebecca Moore Howard, katswiri wa kaphunzitsidwe ka kalembedwe, anapereka dzina ku chinthu chimene mphunzitsi aliyense ankachiona. Anachitcha patchwriting, ngati kusokerera zigamba. Wophunzira amatenga chiganizo cha m'buku, amachotsa mawu awiri, amalowetsa ena ofanana nawo, amatembenuza pang'ono, n'kupitirira. Howard anati nthawi zambiri kumeneku si kuba. Ndi chizindikiro chakuti wophunzirayo sanamvetse bwino zimene wawerenga, kapena akuyesa kuyankhula chiyankhulo cha akatswiri chimene sanachizolowere. Mu 2003 bungwe la Council of Writing Program Administrators linatulutsa chikalata chosiyanitsa zinthu ziwirizi: kutenga za wina mwadala ndi cholinga chonyenga, ndi kulakwitsa katchulidwe ka gwero munthu akuyesetsa. Choyambacho chimafuna chilango, chachiwiricho chimafuna kuphunzitsa. Silabasi yabwino imanena kusiyana kumeneku poyera. Imene imangoopseza imapangitsa wophunzira wamantha kubisa kusamvetsa kwake, ndipo kubisako ndiko kumamufikitsa pa kubera kwenikweni usiku womaliza.

Makina nawo analowerera. Pulogalamu ya Turnitin, imene inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, imayerekeza chimangirizo ndi zolemba zambirimbiri zimene inasunga, n'kuonetsa magawo ofanana. Nambala imene imatulutsa si chigamulo, chifukwa imawerengera pamodzi ndi mawu amene wophunzira wawatchulira gwero bwinobwino. Pa 30 Novembala 2022 kunatuluka ChatGPT, pulogalamu ya AI yotha kulemba, ndipo m'miyezi yochepa masilabasi anamera ndime yatsopano. Apa palibe lamulo limodzi la dziko lonse. Mphunzitsi wina amaletseratu, wina amalola pofufuza maganizo koma osati polemba ziganizo, wina amalola malinga wophunzira anene mmene wagwiritsira ntchito. Chololedwa m'kalasi ya m'mawa chikhoza kukhala mlandu m'kalasi ya masana.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mapulogalamu amene amati amazindikira zolembedwa ndi AI. Kampani ya OpenAI, mwini wake wa ChatGPT, inachotsa pulogalamu yake yotereyi mu Julayi 2023 chifukwa inkalakwitsa kwambiri. Chaka chomwecho ofufuza a ku Stanford anayesa mapulogalamu angapo pa zimangirizo za mayeso a TOEFL, zolembedwa ndi anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho, ndipo zoposa theka zinanamiziridwa kuti zinalembedwa ndi makina. Wolemba m'chiyankhulo chachiwiri amasankha mawu odziwika ndi ziganizo zosazungulira, ndipo zimenezo ndi zomwe makinawo amazikayikira. Mu Ogasiti 2023 yunivesite ya Vanderbilt inazimitsa gawo la Turnitin lozindikira AI. Si makoleji onse anatero. Wophunzira wathu ali kumeneko adziteteze posunga zonse zimene walemba koyamba ndi kachiwiri, manotsi ake, ndi mbiri ya kasinthidwe ka fayilo mu Google Docs kapena mu Word. Umboni wake ndi umenewo.

Kumene kuli thandizo

Mu Epulo 1969 ophunzira akuda ndi a ku Puerto Rico anatseka gawo la City College ku New York, pofuna kuti sukulu ya boma imeneyi, yomangidwa m'dera la Harlem, izilandira ana a m'deralo. Chaka chotsatira, 1970, City University of New York inatsegula zitseko zake kwa aliyense womaliza sekondale mumzindawo. Kunalowa ophunzira masauzande amene aphunzitsi anali asanaonepo kalembedwe kawo, ndipo ena mwa aphunzitsiwo anagamula msanga kuti anthu awa ndi osaphunzitsika.

Mina Shaughnessy, amene ankaphunzitsa pa City College, sanagwirizane nazo. Anawerenga zimangirizo pafupifupi 4,000 za ophunzira atsopanowo, osati pofuna kuwerenga kuchuluka kwa zolakwika, koma pofuna kumvetsa chifukwa chimene munthu walakwitsira motero. M'buku lake la 1977, Errors and Expectations, anaonetsa kuti zolakwikazo zili ndi dongosolo. Wosiya mpumiro pamalo pake kapena wosokoneza chiganizo chachitali amakhala akutsata lamulo lina la m'mutu mwake, lochokera ku chiyankhulo cha kwawo kapena ku zimene anamva mwatheka kusukulu. Ukalipeza lamulolo, ukhoza kumuphunzitsa. Shaughnessy anamwalira mu 1978, bukulo litangotuluka kumene, koma anasiya atasintha funso limene mphunzitsi amadzifunsa akagwira pepala lodzaza ndi zolakwika. M'zaka zomwezo, mu 1974, bungwe la aphunzitsi a kalembedwe lija linavomereza chikalata chonena kuti ophunzira ali ndi ufulu pa chiyankhulo chimene anakulira, ndipo kuti Chingerezi cha kunyumba kwawo si umbuli. Aliyense amene anavekedwapo chikwangwani kapena kulipitsidwa chifukwa choyankhula Chichewa pa sukulu akudziwa chimene chikalatacho chinkalimbana nacho.

Pa Brooklyn College, mumzinda womwewo, Kenneth Bruffee anaona kuti ophunzira ovutika sankapita kwa aphunzitsi oikidwa kuti aziwathandiza. Anayesa njira ina: kuphunzitsa ophunzira anzawo kuti azithandizana. Zinayenda. Munthu amene amachita manyazi kuonetsa pulofesa pepala lake amamasuka pamaso pa mnzake amene anadutsa phunziro lomwelo chaka chatha. Malo othandizira olemba analipo kale m'makoleji ena, monga ku University of Iowa kumene anayamba m'ma 1930, koma anafalikira m'ma 1970, ndipo lero writing center imapezeka pafupifupi pa koleji iliyonse, kawirikawiri m'laibulale, ndipo wophunzira salipira kanthu kapadera.

Wopita kumeneko koyamba amayembekeza kusiya pepala n'kudzalitenga litakonzedwa, ngati malaya kwa telala. Zimene amapeza ndi zina. Amakhala pa tebulo ndi womuthandiza kwa mphindi 30 kapena kuyandikira ola. Amafunsidwa kuti aphunzitsi afuna chiyani, ndipo iye akufuna kunena chiyani. Nthawi zambiri amapemphedwa kuwerenga mokweza chimene walemba, ndipo khutu lake lomwe limagwira zimene diso linadumpha. Cholembera chimakhala m'manja mwa mwini pepala. Mu 1984 Stephen North analemba nkhani yotchuka, The Idea of a Writing Center, imene mfundo yake inali yakuti cholinga cha malowa ndi kusintha wolembayo, osati pepala lokha. Mfundoyi ndi yoona, koma ena anaiumitsa mpaka kumakana kuthandiza pa galamala, ndipo ovutika nazo anali olemba m'chiyankhulo chachiwiri. Mchewa sangadzipezere yekha pamene pafunika a ndi pamene pafunika the pongowerenga mokweza, chifukwa m'chiyankhulo chake timawu timeneti mulibe, monganso mulibe kusiyanitsa he ndi she. Afunika womuuza mosabisa. Malo ambiri lero anazindikira zimenezi ndipo amaphunzitsa othandiza awo kufotokoza galamala mwachindunji.

Thandizo limodzi la mtunduwu limafika ndi kuno komwe. Yunivesite ya Purdue, ku Indiana, inatsegula malo ake othandizira olemba mu 1976 motsogozedwa ndi Muriel Harris, ndipo mu 1994 inayamba kuika malangizo ake pa intaneti pansi pa dzina la Purdue OWL. Wophunzira wa chaka choyamba ku Zomba kapena ku Mzuzu, amene akulimbana ndi katchulidwe ka magwero, akhoza kuwawerenga pa foni yake kwaulere.

Pali mzere wina pa tsamba loyamba la silabasi umene umasocheretsa ambiri: office hours. Awa ndi maola amene mphunzitsi amakhala mu ofesi kudikira ophunzira, aliyense wofuna, popanda kupangana. Anthony Abraham Jack, m'buku lake la 2019 lotchedwa The Privileged Poor, anaonetsa kuti ophunzira ochokera m'mabanja osauka, amene makolo awo sanapiteko ku koleji, nthawi zambiri sadziwa tanthauzo la mawuwa, ndipo ena amaganiza kuti ndi nthawi imene mphunzitsi safuna kusokonezedwa. Kwa ife vutoli limakula ndi ulemu umene tinaleredwa nawo. Ofesi ya aphunzitsi ndi kumene mwana amaitanidwa akalakwa, ndipo kugogoda wekha kumaoneka ngati mwano. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Aphunzitsi ena asintha dzinali n'kumati student hours kuti amveke.

Ndime zimene zinachita kumenyeredwa nkhondo

Ndime ya ophunzira aulumali imalembedwa m'mawu ouma a zamalamulo, koma kumbuyo kwake kuli anthu amene anagona pansi m'maofesi a boma. Lamulo la Rehabilitation Act la 1973, pa gawo 504, linaletsa kusala aulumali m'mabungwe olandira ndalama za boma, koma kwa zaka pafupifupi zinayi boma linazengereza kusaina ndondomeko zoti lamulolo ligwire ntchito. Mu Epulo 1977 aulumali oposa 100, mmodzi mwa atsogoleri awo ali Judith Heumann, analowa m'nyumba ya boma ku San Francisco n'kukana kutuluka kwa masabata pafupifupi anayi, mpaka ndondomekozo zinasainidwa pa 28 Epulo. Mu 1990 kunabwera lamulo lalikulu la Americans with Disabilities Act. Chifukwa cha malamulo amenewa wophunzira wosaona amalandira zowerenga m'zilembo za Braille kapena m'fayilo imene kompyuta ingamuwerengere, wosamva amapatsidwa womasulira chinenero chamanja, ndipo wa vuto la dyslexia kapena wa matenda ovutika maganizo akhoza kuwonjezeredwa nthawi.

Koma ku koleji, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ku pulayimale ndi ku sekondale za ku America sukulu ndi imene ili ndi udindo wofufuza mwana wofunika thandizo. Ku koleji wophunzira ayenera kupita yekha ku ofesi yoona za aulumali, ndi umboni wa kuchipatala ngati ukufunika. Ofesiyo imalembera aphunzitsi kalata yonena thandizo limene ayenera kupereka, osatchula matenda. Thandizolo limayamba kalata ikafika, ndipo kawirikawiri silibwerera m'mbuyo kukakonza malikisi amene anatayika kale.

Lamulo la FERPA la 1974 limateteza chinsinsi cha zotsatira za wophunzira. Kholo limene likulipira fizi likaimbira mphunzitsi kufunsa mmene mwana akuchitira, kawirikawiri mphunzitsi sayankha popanda chilolezo cholembedwa cha mwanayo. Makolo a kwathu zimawadabwitsa, koma ndi mmene ziliri.

Ndime ya Title IX, lamulo la 1972 loletsa tsankho la pakati pa amuna ndi akazi m'maphunziro, imakhudza phunziro la kalembedwe kuposa maphunziro ena. Chimangirizo choyamba m'makalasi ambiri chimakhala chofotokoza za moyo wa wolembayo, ndipo anthu akapatsidwa pepala ndi wowerenga wachifundo amalemba zimene sananenepo kwa wina aliyense: kugwiriridwa, nkhanza za m'banja, maganizo ofuna kudzipha. M'makoleji ambiri mphunzitsi amakakamizidwa kukanena ku ofesi ya Title IX akamva za nkhanza zokhudza kugonana. N'chifukwa chake silabasi imachenjezeratu, n'kulozera kwa alangizi a pa koleji amene amasunga chinsinsi, kuti wophunzira asankhe yekha womuuza asanalembe. Masilabasi ambiri amaikaponso nambala ya 988, imene kuyambira mu Julayi 2022 munthu wothedwa nzeru akhoza kuimba usana kapena usiku kulikonse m'dzikomo.

Ndime yatsopano kwambiri ndi ya chakudya ndi pogona. Wa kuno akhoza kudabwa kumva kuti ku America wophunzira wa ku koleji amagona ndi njala, koma fizi, lendi ndi mabuku zikadya ndalama zonse, chimene chimadulidwa ndi chakudya. Ophunzira a pa Michigan State University anatsegula nkhokwe ya chakudya chaulere pa sukulu yawo mu 1993, ndipo lero makoleji mazanamazana ali nazo. Mu 2017 Sara Goldrick-Rab, amene panthawiyo anali pulofesa wofufuza kwambiri za umphawi wa ophunzira, anaika m'silabasi yake ziganizo zochepa zopempha aliyense wosowa chakudya kapena pogona kuti akaonane ndi ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, ndipo ngati angamasuke, amuuzenso iye. Aphunzitsi ambiri anatengera ziganizozo. Mphunzitsi wa kalembedwe ndiye amakhala woyamba kuona vutoli, chifukwa m'chaka choyamba kalasi yake ikhoza kukhala yokhayo imene mphunzitsi amadziwa dzina la wophunzira aliyense, ndipo amazindikira pamene munthu amene ankalemba masamba anayi wayamba kupereka ndime imodzi.

Kulemba maofesi onsewa pa pepala n'kosavuta. Chovuta n'chakuti wofunika thandizo kwambiri ndi yemweyo amene amaona kupempha ngati kuvomera kuti sanayenere kukhala pa koleji. Aphunzitsi ena, podziwa zimenezi, sadalira silabasi yokha. M'sabata yachiwiri kapena yachitatu amatuluka ndi kalasi yonse n'kuyenda nayo mpaka ku laibulale, kukaona khomo la writing center ndi nkhope za othandiza. Ena amaimitsa makalasi kwa sabata yathunthu kuti akumane ndi wophunzira aliyense payekha kwa mphindi 15 kapena 20, chimangirizo chili pa tebulo pakati pawo. Onse amapita, okhoza ndi ovutika omwe, kotero kuti palibe amene amalozedwa chala. Ikadzafika sabata ya 10, ntchito itachuluka ndipo zinthu zitayamba kuthina, wophunzira uja amakhala akudziwa kale kuti ofesi ili pa nsanjika yachingati, ndipo chitseko chake anachitsegulapo.